Evelesi ndi Milu Inayi ya Mabuku

Evelesi ankagulitsa nsomba. Ankagula mphende ndi milamba kwa asodzi a kudambo la Elephant Marsh, n'kuziwamba kuseri kwa nyumba yake kufupi ndi Bangula, kenako n'kukwera nazo minibasi kukagulitsa ku Ngabu kapena ku Nchalo. Geni imeneyi, pamodzi ndi dimba la mwamuna wake Jeremiya, ndiyo inaphunzitsa Yamiko, mwana wawo yekhayo. Anthu amene sanagulitsepo nsomba amayesa kuti ntchito yake ndi kusenza madengu, koma Evelesi ankadziwa kuti gawo lalikulu ndi kudikira. Umadikira asodzi padoko, umadikira moto kuti uyambe kufuka bwino, umadikira minibasi kuti idzaze, ndiye n'kukadikiranso ogula padzuwa.

Yamiko atapita ku Blantyre kukaphunzira za unamwino, kudikirako kunayamba kumulemera. Kale mutu wake unkakhala wodzaza ndi za mwana, pena yunifolomu, pena malungo, pena mayeso. Tsopano ankangokhala padoko n'kumayang'ana madzi.

Chakumapeto kwa Disembala, amayi a kutchalitchi anamupatsa uthenga wochokera kumpingo wina kuti awawerengere, poti ankadziwika kuti sukulu anafika nayo Fomu 2. Anaimirira molimba mtima, koma mawu ankatuluka mokakamira ngati tcheni cha njinga chadzimbiri. Palibe amene anamuseka. Komabe anabwerera kunyumba atakhumudwa, chifukwa ali mtsikana ndiye ankawerenga bwino kuposa onse m'kalasi mwawo, asanasiye sukulu bambo ake atamwalira.

"Bambo a Yamiko," anatero akutsuka madengu, "chaka chikubwerachi ine ndiwerenga mabuku. Limodzi mwezi uliwonse."

"Mukufuna kulemba mayeso?" Jeremiya anafunsa.

"Ayi. Ndikungofuna kuwerenga basi."

Jeremiya anali munthu wosakonda kutsutsa zinthu zosawononga mbewu, choncho anangogwedeza mutu n'kupitiriza kunola khasu lake.

Vuto linali loti awerenge chiyani. M'nyumba mwawo munali mabuku a kutchalitchi ndi a sayansi amene Yamiko anasiya, basi. Ndiye Evelesi anayamba kufunsa anthu. Abusa anamupatsa kabuku kolangiza mabanja. Mlangizi wa zaulimi anamupatsa timapepala ta kasungidwe ka mapira. Mwini golosale ya pasiteji anamubwereka buku lofotokoza njira zolemerera msanga. Yamiko, atamuimbira, analonjeza kuti atumiza mabuku ambirimbiri pafoni, kuiwala kuti foni ya amayi ake inali ya mabatani.

"Aliyense akundipatsa buku ngati mankhwala," Evelesi anadandaula tsiku lina padoko. Ankayankhula ndi Dennis, msodzi amene ankamugulitsa nsomba kwa zaka zambiri. "Ngati ndapita kukawauza kuti banja likundivuta, kapena kuti ndine wosauka chifukwa cha umbuli."

Dennis anasiya kaye kusoka ukonde. "Pitani kwa aphunzitsi a Juliana Alufandika, kuseri kwa msika uko. Anandiphunzitsa ine Sitandade 6. Lachisanu masana ankatitulutsa pansi pa mtengo wa bwemba n'kumatiwerengera nkhani, ndiye ankalekezera pokoma penipeni. Enafe Lolemba tinkabwerera kusukulu chifukwa cha chimenecho chokha. Mabuku ali nawo chipinda tho! Koma kubwereketsa, nkhabe. Sabwereketsa munthu."

Evelesi anapitabe. Anasamba, n'kuvala chitenje chake cha ku Mvano, n'kukaodira pakhomo la nyumba ya njerwa yokhala ndi khonde lalitali. A Juliana anali mayi wamng'ono thupi, wa imvi, wovala magalasi omangirira kachingwe. Anapuma pantchito kalekale, ndipo amuna awo anali atamwalira. Anamvetsera pempho la mlendoyo mpaka kumapeto osamudula.

"Ndinasiya kubwereketsa," anatero. "Wina anandibwezera buku litatha masamba apakati, anakulungira zitumbuwa. Wina anapichirira fodya. Mabuku amenewa ndawapulumutsa kumadzi osefukira kawiri konse, ndawalanditsa kwa chiswe, ndiye adzathere m'manja mwa anthu?"

"Ndamva, aphunzitsi."

"Inu mukufuna kupezamo chiyani m'mabukumo?"

Evelesi anaganiza kaye. Anali atakonza mayankho abwino m'njira, koma onse anamuthawa. "Anthu amene ndimakumana nawo ndi omweomwewo," anatero. "Ndimadziwa amene adzanenerere, ndimadziwa amene adzanunkhize nsomba n'kuisiya. Ndikufuna kumvako za anthu amene sadzabwera n'komwe pamsika wanga."

A Juliana anamuyang'ana nthawi yaitali kudutsira pamwamba pa magalasi. Kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi beseni la madzi, sopo, ndi kabuku kopyapyala ka Chichewa kachikuto chobiriwira.

"Yambani mwasamba m'manja. Musakhumudwe, fungo la nsomba likalowa m'pepala silichoka. Aka kakabwera kali bwino, tidzakambirana."

Evelesi anamva kuwawa pang'ono, poti anali atasamba kale ndi sopo wonunkhira. Koma anasambabe.

Kabukuko kankanena za mwamuna wina amene anagulitsa ng'ombe za banja lake mobisa n'kuthawira kumigodi, kusiya mkazi ndi ana m'chaka cha njala. Evelesi anayamba mwapang'onopang'ono, chala chikuyenda pansi pa mzere uliwonse. Pofika pakati chala chinali chitatsalira, maso akuthamanga okha. Tsiku lina anazindikira mochedwa kuti milamba yayamba kupserera pawaya. Pasanathe sabata ziwiri anali pakhonde la a Juliana, kabukuko atakakulunga m'jumbo ndi m'kansalu koyera.

A Juliana anakatembenuza uku ndi uku, n'kukanunkhizanso mosabisa. "Mwakasunga bwino. Nanga nkhaniyo mwaiona bwanji?"

"Wolemba ameneyu anandinamiza," Evelesi anatero.

"Anakunamizani?"

"Munthu wachoka zaka zonsezo, mwana mmodzi wamwalira ndi njala iye kulibe, ndiye wabwera atakalamba, akutsokomola, mkaziyo n'kumuyalira mphasa tsiku lomwelo? Tsamba limodzi lokha, basi wamukhululukira? Mkazi wake uti? Kumulandira akanamulandira, inde, poti n'ngodwala. Koma akanamuphikira miyezi yambiri osamuyankhula."

A Juliana anavula magalasi n'kuseka mpaka misozi. "Ine ndinakangana ndi malemu amuna anga pa tsamba lomwelo! Iwo ankati mkaziyo ndi chitsanzo chabwino. Komabe tamverani, make Yamiko. Mwina mkaziyo sanakhululuke ayi. Mwina anangotopa. Kodi munaona kuti pomuyalira mphasayo sanamutchule dzina?"

Evelesi anali asanaone zimenezo. Anatsegula tsamba lija n'kuwerenganso, milomo ikugwedera. Zinalidi choncho. Anakangana za mkazi ameneyu mpaka mthunzi wa nyumba unafika pampanda, ngati akunena za munthu wa m'mudzi mwawo. A Juliana anatulutsa thobwa la mapira, kenako anaimirira.

"Tiyeni mukaone."

Chipindacho chinali ndi makabati atatu okwezedwa panjerwa, miyendo yake yopakidwa oyilo wakuda kuopa chiswe. Evelesi anali asanaonepo mabuku ochuluka choncho m'nyumba ya munthu. A Juliana anayala mphasa pansi, koma sanayambe n'kutulutsa mabuku. Anayamba n'kufunsa mafunso. Kodi nsomba zimachuluka liti? Ndi miyezi iti imene amakhala pakhomo chifukwa misewu yaduka? Amawerengera kuti, padoko kapena m'minibasi? Maso amamuwawa? Chingerezi anachisiyira pati?

"Palibe amene anandifunsapo zimenezi," Evelesi anatero. "Onse amangotenga buku n'kundipatsa."

"Buku limafuna nyengo yake. Mukalipatsa munthu wotopa m'mwezi wa Okutobala, ngakhale likhale lokoma chotani, adzalida moyo wake wonse."

Atamva zonse anayamba kuunjika mabuku pamphasa, monga mmene Evelesi ankaikira nsomba m'milu pamsika. Mulu woyamba unali wa dzinja, pamene mvula imamutsekera pakhomo, ndipo anaikapo nkhani zazitali zofuna munthu wokhala pansi. Wachiwiri unali wa nthawi imene madzi akuphwa ndipo nsomba zachuluka. Pamenepo anaika mabuku a nkhani zifupizifupi, zoti munthu n'kumaliza imodzi minibasi isanadzaze. Wachitatu unali wa miyezi yozizira, ndipo m'menemo analowetsamo buku limodzi la Chingerezi.

"Limenelo ndiye ayi, aphunzitsi. Chingerezi changa chinathera pa moni."

"Chilipo, changogona. Mu Juni mutu umakhala wozizira, mudzachidzutsa."

Mulu womaliza unali wa chilimwe, nthawi imene dzuwa la kuchigwa kuno limaphwetsa ngakhale maganizo. Pamenepo anaikapo ndakatulo ndi buku lalikulu la zithunzi za mbalame. Kenako anatenga buku lina lonenepa la Chichewa, lachikuto chothetheka m'mbali, n'kuligwira kanthawi osaliika paliponse.

"Ili anandigulira amuna anga tisanakwatirane. Likunena za mayi wina wothawa nkhondo kutsidya, ku Mozambique, ndi ana ake." Analiika pamulu wachitatu, pansi penipeni. "Mudzalipeza mu Ogasiti. Muzitenga limodzilimodzi, mukabweza n'kutenga lina."

"Takhuta, aphunzitsi," Evelesi anathokoza m'Chisena, manja ali pamodzi.

Chaka chinayamba kuyenda. Mu Febuluwale mvula inadula msewu wa kudoko, ndipo Evelesi anatha masiku ambiri pakhonde ndi nkhani ya abale awiri olimbirana munda. Jeremiya akabwera kudimba ankafunsa kuti, "Wamkulu uja wabweza malirewo?" ngati akufunsa za anansi. Madzi ataphwa, amayi anzake a padoko anayamba ndi kumuseka, akumamutcha kuti hedimasitala. Koma kudikira n'kowawa kwa aliyense, ndipo posakhalitsa ankamusungira malo pamthunzi kuti awafotokozere pamene nkhani yafika.

Buku la Chingerezi ndilo linamuvuta zedi. Tsamba limodzi linkamutengera m'mawa wonse. Anapita nalo kwa a Juliana ali wokonzeka kulibweza.

"Mukuima pa liwu lililonse," iwo anatero. "Dennis akamapalasa, amaima kuti achotse namasupuni aliyense ali m'njira? Amangokankha n'kudutsa. Liwu likakukanani katatu, ndiye mubwere nalo kuno."

Anachita zomwezo. Nkhaniyo inali ya mtsikana wa kudziko lozizira amene ankasamalira agogo ake osaona m'nyumba ya pamwamba pa phiri. Evelesi sanamve mawu onse, koma pamene agogowo anamwalira analira ali m'minibasi, mpaka kondakitala anamufunsa ngati walandira uthenga wa maliro. Bukulo linamudyera miyezi iwiri m'malo mwa umodzi, ndipo dongosolo la chaka linasokonekera. A Juliana anati zimenezo zilibe kanthu.

Choncho buku lonenepa lija analitenga mu Seputembala. Nthawi imeneyo madzi anali ataphwa kwambiri, ndipo asodzi anali atasamukira pakachilumba kena m'kati mwa dambo. Wofuna nsomba zabwino ankayenera kuwatsatira pabwato. Evelesi ankadziwa kuti buku siliyenera kutuluka m'jumbo ali pamadzi, ndipo maulendo onse ankasunga lamulo limeneli. Koma tsiku lina, ali m'bwato la Dennis, anali atafika pamene mayi wa m'nkhaniyo waima m'mbali mwa mtsinje ndi ana atatu, mfuti zikulira kumbuyo, bwato lili limodzi ndipo mwini wake akuti atenga awiri okha. Masamba anali atatsala ochepa. Madzi anali bata, Dennis akupalasa mwakachetechete pakati pa mabango. Evelesi anamasula jumbo.

Mvuu inavuuka chapafupi kwambiri, kudzanja lamanzere, n'kupuma mwamphamvu. Dennis anakhotetsa bwato mwadzidzidzi kuti alowe m'mabango. Bwato linapendekeka, madzi n'kulowa, ndipo buku linapulumuka pamiyendo ya Evelesi n'kugwera m'dambo. Iye sanaganize n'komwe. Anagwira m'mphepete mwa bwato ndi dzanja limodzi, linalo n'kulipisa m'madzi mpaka paphewa.

"Mai, bwezani mkono!" Dennis anakuwa. "Muli ng'ona muno!"

Anautulutsa mkonowo buku lili m'manja, likuchucha. Koma masamba akumapeto, amene ulusi wake unali wotha kale, anali atathothoka. Anawaona akuyandama kulowera kumene kunali mvuu kuja. Dennis anapalasa mwamphamvu mpaka anafika pachilumba.

Evelesi sanagule nsomba tsiku limenelo. Atafika kunyumba anatsuka thandala loyanikapo nsomba ndi phulusa ndi sopo, n'kulikokera pamthunzi, n'kuyalapo nsalu yoyera. Ankadziwa kuti chinthu chonyowa ukachiika padzuwa la Seputembala chimauma mokwinyika n'kusweka. Anatenga nthenga ya nkhuku n'kumalekanitsa masamba limodzilimodzi, akulowetsa kaudzu kouma pakati kuti mphepo izidutsa. Misika ingapo inamudutsa ali pantchito imeneyi. Masamba atauma anapsinja bukulo ndi thumba la mapira. Mawu ankawerengeka ndithu, koma buku linali litafufuma ngati mkate, ndipo mtundu wa chikuto unali utalowerera m'masamba oyamba.

Anaimbira Yamiko kuti akafufuze lina m'masitolo a ku Blantyre. Yamiko anayendayenda n'kubweza yankho loti bukulo linasiya kusindikizidwa kalekale.

"Muwauze kuti bwato linagubuduzika," Jeremiya anatero pofuna kumuthandiza. "Si bodza kwenikweni."

"Bwato silinamasule jumbo. Ndinamasula ndine."

Ndi mmenenso anakafotokozera kwa a Juliana, atagwada pakhonde, buku lili patsogolo pake. Sanabise kalikonse. A Juliana analitenga n'kuyamba kutsegula masamba limodzilimodzi. Anaima patsamba loyamba, pamene panali mawu olembedwa ndi inki, amene tsopano anali banga lamtambo chabe. Anapitiriza mpaka kumapeto, pamene panatsala ulusi wokhawokha.

"Mwati munapisa mkono m'madzi?"

"Eya, aphunzitsi."

"M'dambo muja? Chifukwa cha pepala? Mukanadyedwa, ine ndikanamuuza chiyani mwana wanu?" Evelesi sanadziwe ngati mkwiyo wawo unali wa mkonowo kapena wa bukulo. A Juliana anatseka bukulo. Kenako anati, "Pitani kaye. Lero sinditha kuyankhula bwino."

Evelesi anabwerera chimanjamanja. Sanawaimbe mlandu. Masabata otsatira ankapita kudoko ndi madengu okha, ndipo anzake akamufunsa za nkhani ankangoti yatha. Chimene chinkamuvutitsa, kuwonjezera pa manyazi, chinali mayi uja amene anamusiya ataima pamtsinje ndi ana atatu. Ankawamba nsomba akuganiza kuti iyeyo akanasiya mwana uti, ndipo yankho silinkapezeka.

Tsiku lina masana, mu Okutobala, dzuwa lili pamutu moti ngakhale nkhuku zinali zitabisala, njinga ya kabaza inaima pabwalo. A Juliana anatsika ndi ambulera yakuda, atakumbatira chikwama. Kwa Evelesi anali asanafikeko chiyambire. Jeremiya anathamanga kukatenga mpando n'kuuika pansi pa mtengo wa nimu.

"Ndabwera ndi zinthu ziwiri," anatero atamwa madzi. "Choyamba ndi ichi." Anatulutsa buku la mbalame lija. "Mwezi wake wakwana. Chachiwiri, simungakhale ndi nkhani yopanda mathero. Zimadwalitsa. Munalekezera pati?"

"Pamtsinje. Mwini bwato akuti atenga awiri okha."

A Juliana anatseka maso n'kuyamba kufotokoza. Mawu awo anasintha, anakhala aakulu kuposa thupi lawo, ndipo Evelesi anamvetsa chimene chinkabweza Dennis kusukulu Lolemba. Mayi uja, iwo anati, anakweza ana awiri aang'ono m'bwato, wamkulu n'kumuuza kuti akwere m'malo mwake. Mwini bwato atawerenga anapeza atatu, koma poti onse anali ana, analola. Mayiyo analowa m'madzi n'kugwira kumbuyo kwa bwato, n'kuwoloka mtsinje wonse thupi lili m'madzi, akuimbira anawo kuti asayang'ane m'mbuyo. Anafika onse. Pofika kutsidya zala zake zinali zitauma moti anthu anachita kuzimatula pabwatopo.

Pamene ankamaliza, amayi awiri oyandikana nawo nyumba anali atakhala pansi chapafupi, ndipo Jeremiya anali akupukuta m'maso ndi chipewa.

"Amayi anga anawoloka choncho," a Juliana anawonjeza motsitsa mawu. "Nkhondo ina yakale, isanafike iyi mukuidziwayi. Ine ndinali m'bwatomo, koma sindikumbuka. N'chifukwa chake amuna anga anandigulira bukulo."

Evelesi anawerama. "Aphunzitsi, ndinakulakwirani kwambiri."

"Munandilakwira, inde. Ndalira nalo masiku angapo. Koma ndaliyang'anitsitsa bukulo, tsamba lililonse. Palibe masamba awiri omatana. Ndinapezamo kaudzu kamodzi kamene munaiwala. Ine madzi atalowa m'nyumba mwanga ndinataya mabuku ambiri chifukwa ndinalibe kuleza mtima kumeneko." Anamukankhira buku la mbalame. "Tengani. Koma pamadzi, nkhabe."

"Ndamva." Evelesi anazengereza pang'ono, kenako anafunsa. "Koma ndi mmene zinatheradi m'bukumo? Kapena mwaikamo za amayi anu?"

"Ngati mukukayika, kafunseni mvuu. Masamba ali nawo ndi iyo."

Onse anaseka, ndipo Jeremiya anapita kukagwira nkhuku yoti alendo anyamule.

Buku la mbalame linali la Chingerezi, koma zithunzi zake zinkayankhula zokha. Evelesi anapezamo akakowa, atsekwe, vuwo ndi nantchengwa, mbalame zimene ankaziona tsiku ndi tsiku osaziganizira. Anadabwa kuwerenga kuti zina mwa timbalame timene timadzadza dambo nthawi ya mvula timachokera kumaiko akutali kwambiri, kuwoloka nyanja ndi zipululu, n'kudzabwereranso. Polibweza anafotokozera a Juliana kumene mtundu uliwonse umakonda kutera, ndi mmene vuwo amasonkhanira m'magulu posaka nsomba.

"Mukudziwa," a Juliana anatero, "ine ndaphunzitsa ana za dambo limeneli zaka zonse za ntchito yanga, koma sindinalowemo. Ndimangoliona ndili pamtunda. Amayi anga sankalola mwana wawo aliyense kukwera bwato."

"Mukufuna mukaone?"

A Juliana anaganiza kaye. "Dennis amapalasa bwino?"

"Anatipulumutsa kwa mvuu."

Anapita m'mawa wina kumayambiriro kwa Disembala, mvula yoyamba itagwa. Dennis anachita kutsuka bwato lake n'kuikamo kampando, ndipo anavala malaya a kutchalitchi. Powakweza aphunzitsi ake akale anawagwira dzanja ngati dzira. Poyamba a Juliana anagwiritsa m'mbali mwa bwato ndi manja onse awiri, maso ali pamapazi awo. Evelesi anakhala kumbuyo kwawo n'kumawayankhula za zinthu zina. Atadutsa m'kanjira ka mabango n'kutulukira pathamanda lalikulu, Dennis anasiya kupalasa. Patsogolo pawo panali mbalame zosawerengeka, zoyera, zakuda, zamiyendo yofiira, zina zikuyenda pamasamba a maluwa a m'madzi ngati pamsewu. Gulu la atsekwe linanyamuka nthawi imodzi n'kudutsa pamwamba pawo, mapiko akuchita mkokomo.

A Juliana anasiya m'mbali mwa bwato n'kugwira pakamwa. Anayang'ana uku ndi uku. Kenako anayamba kuloza ndi kufunsa ngati mwana wa sukulu, Evelesi ndi Dennis akulandizana poyankha, pena n'kumatsutsana okha za dzina la Chisena ndi la Chimang'anja. Anakhala pamenepo mpaka dzuwa linayamba kuwawa, ndipo a Juliana ndiwo anali omaliza kuvomera zobwerera.

Chaka chinatha Evelesi asanamalize milu yonse. Ndakatulo zinatsala, ndi mabuku ena awiri. Pamsonkhano wa amayi wotsekera chaka anawerenga uthenga wa abusa osapunthwa, koma iye mwini sanazitenge ngati nkhani yaikulu. Maganizo ake anali kale pa Januwale.

Yamiko anabwera kutchuthi cha Khirisimasi ndi chikwama cholemera. Tsiku lachiwiri anapeza amayi ake atakhala pamthunzi ndi buku lake la kusukulu, lofotokoza mmene mwana amakulira m'mimba, akuyang'anitsitsa chithunzi china.

"Amayi, limenelo n'lovuta. Ngakhale ife limatizunguza mutu."

"Ndiye kuti iwe unali chonchi? Utapinda miyendo chonchi?" Evelesi anafunsa osadzutsa mutu. "Ine ndinakunyamula miyezi yonse ija osadziwa kuti m'katimo mukuchitika zotani. Ukamabwerera ulisiye."

"Ndikalembera mayeso limenelo."

"Ndiye ukalemba ulitumize pa basi."

Yamiko anakhala pansi pambali pawo n'kuyamba kuwafotokozera chithunzicho, akuloza ndi chala. Mawa lake anapita onse awiri kwa a Juliana, amene anali atayala kale mphasa m'chipinda muja. Anamvetsera za buku la unamwino, n'kufunsa kuti mayesowo atha liti. Atamva kuti ndi mu Epulo, anati limenelo lidikire miyezi yozizira, ndipo anatuma Yamiko kuti akwere pampando akatsitse mabuku a pamwamba pa kabati, amene iwo anali atasiya kuwafikira.